Mitengo ya m'thengo itiphunzitsa kukhutira

Phunziro la Chigwirizano cha Azimayi

Musanayambe phunziro lino, mayi mmodzi awerenge Afilipi 4:10-13, wina awerenge Yobu 12:7-10.

Mawu oyamba

Kodi ndi liti pamene munagona usiku wonse mtima uli m'malo? Ambiri a ife timagona thupi lokha, mtima uli pa ulendo. Ukuwerenga matumba a feteleza amene sanakwane, ukuganiza za ndalama ya kaloba imene tsiku lake layandikira, kenaka wafika pa malata atsopano a nyumba ya mnzathu. Ngakhale pa msonkhano wa Chigwirizano, pakamwa pamaimba koma maso ali pa nsapato za amayi a pa benchi la kutsogolo. Matenda amenewa dzina lake ndi kusakhutira, ndipo sayenda okha. Mbale wake ndi kudziderera, kumene kumamuuza mayi kuti: iwe sunapite patali ndi sukulu, ulibe udindo mu mpingo, Mulungu angakugwiritse ntchito yanji?

Yobu, ali pakati pa masautso, anauza abwenzi ake kuti apite akafunse nzeru kwa nyama, kwa mbalame ndi kwa nthaka. Mpingo wathu umaphunzitsanso chimodzimodzi. Chivomerezo cha Belgic, chimene analemba Guido de Brès mu 1561, m'gawo lake lachiwiri chimafanizira chilengedwe ndi buku lotseguka, ndipo chimanenanso kuti Mulungu amadziulula momveka bwino koposa m'Mawu ake. Choncho kuthengo sitipitako kukafuna uthenga wina. Timapitako Baibulo lili m'manja.

Ife a kuno kwa Kapichila sukulu imeneyi tili nayo pafupi. Kum'mwera chakumadzulo kwa boma la Lundazi kuli nkhalango ya Lukusuzi, imene inakhala paki ya dziko mu 1972. Kutsidya kwa malire ku Malawi kuli paki ya Kasungu, ndipo kumpoto kuli mapiri ozizira a Nyika. Mitengo yambiri ya m'madera amenewa ndi ya mtundu wa miombo, yomweyo imene timatemako nkhuni ndi kufundulako luzi kuseri kwa minda yathu. Nkhalango ya miombo yatenga malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 2.7 miliyoni, kuyambira ku Angola mpaka ku Tanzania ndi Mozambique, ndipo malo ambiri imamera pa nthaka yosauka. Tiyeni tione mmene imakhalira ndi moyo pa nthaka yotere.

1. Masamba ofiira mvula isanagwe

Kumbukirani mmene kumakhalira mu Sepitembala. Mvula inaleka mu Epulo, udzu unapsa, fumbi lili koboo, ndipo zitsime zina zayamba kuphwa. Koma nthawi yomweyo ndi pamene mitengo ya mombo, tsamba ndi mtondo imaphuka masamba atsopano, ena ofiira psuu, ena onga mkuwa, amene pakapita masabata ochepa amasanduka obiriwira. Palibe dontho la mvula limene lagwa. Nanga madzi yawatenga kuti?

Yankho lili pansi. Mtengo wa m'miombo umayamba wakula kunsi usanakule kumwamba. Kamtengo kakamera, zaka zoyamba kamaoneka ngati kokwinimbira. Moto ukadutsa kamapsa, chaka chamawa kaphukanso, koma nthawi yonseyo muzu wake ukunka pansi ndi kunenepa. Mtengowo ukakula, umasunga chakudya m'mizu ndi m'thunthu nthawi ya dzinja, ndipo mizu yake imafika pa chinyezi chimene chimanga sichingafikepo. N'chifukwa chake umaphuka dzuwa lili pa liwombo.

Paulo analemba kalata ya kwa Afilipi ali m'ndende. Taonani kuti sakunena kuti anabadwa wokhutira. Akuti anachita kuphunzira, ndipo anaphunzirira m'makalasi awiri: la njala ndi la mwanaalirenji. Mphamvu yopirira zonse ziwirizo akuti amaitenga kwa Khristu. Yeremiya 17:5-8 akuyerekeza munthu wodalira anthu ndi chitsamba cha m'chipululu, ndipo wodalira Yehova akumuyerekeza ndi mtengo umene mizu yake yapeza madzi, woti chaka cha chilala sichiuopsa.

Chaka chotere tinachiona. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka ngozi ya dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinaonongeka. Chaka chimenecho chinafukula mizu ya aliyense. Panali amayi amene anatsala ndi nkhokwe yopanda kanthu koma sanaleke kupemphera, ndipo kaufa kochepa kamene anapeza anagawirako wamasiye woyandikana naye. Panalinso ena amene anakolola ndithu, koma mantha anawasowetsa tulo. Kusiyana kwawo sikunali m'nkhokwe.

Mayi, mizu siikumbidwa tsiku la chilala. Mawu amene mukuloweza lero, pemphero la m'mawa musananyamule khasu, kusonkhana ndi anzanu ngakhale tsiku limene simukufuna, zonsezi ndi muzu umene ukunka pansi anthu osauona. Katekisma wa Heidelberg, wa mu 1563, pa funso 28 amaphunzitsa kuti wodziwa chisamaliro cha Mulungu amapirira zikavuta, amayamika zikayenda bwino, ndipo za mawa amazisiya m'manja mwa Atate. Kumeneko ndiye kukhutira kwa Chikhristu.

2. Bowa samera pamene palibe mtengo

Mvula ikakhazikika, timadzuka m'bandakucha ndi lichero kukazula bowa. Mayi aliyense amadziwa kuti ndelema ndi manyame sapezeka m'munda wa chimanga koma pansi pa mitengo ya miombo ndi misuku. Kodi munadzifunsapo chifukwa chake?

Chimene timazula ndi chipatso chabe. Thupi lenileni la bowa ndi timaulusi toyera, tosaoneka bwino ndi maso, timene timayanga m'nthaka ndi kukulunga mizu ya mtengo. Timaulusi timeneti timafika kumene muzu sungafike, n'kumatengera mtengowo madzi ndi mchere wa m'nthaka. Mtengo nawo umabwezera bowa shuga amene masamba ake apanga ndi dzuwa. Umu ndi mmene mitengo ikuluikulu imakhalira ndi moyo pa nthaka yosauka. Ndiponso n'chifukwa chake pamalo pamene mitengo yonse yatemedwa, bowa wa mtundu umenewu amasowa. Wina akachoka, mnzake amavutika.

Bowa wina, monga utale ndi nyonzwe, amamera pa chulu kapena pafupi nacho, chifukwa mlimi wake ndi chiswe. Chiswe chimatuta udzu ndi mitengo youma n'kukaunjika m'zipinda za m'chulu, ndipo pamenepo chimalima bowa amene amachifewetsera chakudya. Kachilombo kamene timakatukwana kakadya mitanda ya denga, ndi komweko kamene kamatipatsa ndiwo, inswa, ndi dothi la pachulu limene alimi amathira m'munda. Njuchi nazo, pofuna chakudya chawo, zimanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina, ndipo popanda izo maungu ndi mpendadzuwa sizingabereke bwino. M'chigwa cha Luangwa, mitsinje ikauma, njovu zimafukula mchenga mpaka madzi atatuluka, ndipo zikachoka nyama zing'onozing'ono zimamwa pomwepo.

M'thengo mulibe cholengedwa chimene chinangobwera kudzaonerera. Ndipo ntchito yaikulu imagwiridwa ndi tinthu tosaoneka. Paulo pa 1 Akorinto 12 akunena zomwezi za mpingo: ziwalo zimene timaziyesa zofooka ndi zimene thupi silingakhale popanda izo. Taganizani za kamtsikana kogwidwa ukapolo ka pa 2 Mafumu 5, kamene ngakhale dzina lake sitilidziwa, koma mawu ake ochepa anachiritsitsa Namani, kazembe wa nkhondo. Taganizani za Dorika wa pa Machitidwe 9, amene ulaliki wake unali singano ndi ulusi.

Tsono inu amene mumati mulibe mphatso, tamverani. Mayi amene mumasesa tchalitchi anthu asanafike, inu amene mukulera adzukulu amasiye, inu amene mumatungira madzi agogo osaona, inu amene mumachezera usiku pamaliro ena atapita kukagona, ndinu timaulusi timene tagwira mizu ya mpingo. Mukaleka, mtengo udzayamba kufota, ndipo anthu sadzadziwa chimene chachitika. Cholinga cha moyo wanu musachifune pa malo a munthu wina. Ndelema safuna kukhala mtondo. Ndipo inu amene muli pa maudindo, amayi busa, apampando ndi alembi, kumbukirani kuti mthunzi wanu ukuchirikizidwa ndi anthu amene saimirira kutsogolo. Mutu umodzi susenza denga.

3. Nsadzu imakhuta ndi phula

Achikulire amaidziwa mbalame yotchedwa nsadzu, imene imalirira munthu m'thengo n'kumamutsogolera, mtengo ndi mtengo, mpaka pamene pali njuchi. Si nthano ayi. Mu 2016 akatswiri otsogozedwa ndi Claire Spottiswoode analengeza zimene anapeza m'nkhalango ya Niassa ku Mozambique. Ofula uchi a Chiyao kumeneko ali ndi kaitanidwe kawo ka mbalameyi, ndipo akaitana motero mwayi wopeza njuchi umakwera kuchoka pa maulendo 17 pa 100 alionse kufika pa 54. Mbalameyi imadziwa pamene pali njuchi koma siingathe kung'amba mphako. Munthu ali ndi nkhwangwa ndi utsi koma sadziwa njira. Uchi ukafulidwa, munthu amatenga uchi, nsadzu imadya phula ndi ana a njuchi. Ife timati safunsa anadya phula, chifukwa kwa munthu phula si chakudya. Koma nsadzu inalengedwa ndi mimba yogaya phula, ndipo gawo lakelo limaikwanira.

Pa zolengedwa zonse, amene amavutika kunena kuti "zakwana" ndi munthu. Onani mmene timachitira ndi masuku. Mulungu anawaika kuti azipsa nthawi imene nkhokwe zayamba kupepuka, koma pothamangira msika timagenda mtengo ndi miyala ndi zipika mpaka khungwa kutupa, n'kuyoyola osapsa kukavundika. Onani chikanda. Chimachokera ku timbatata ta maluwa a m'madambo ndi m'mapiri, ndipo chifukwa cha malonda a m'matauni chakumbidwa kwambiri m'Zambia muno, kotero kuti amalonda amakachitenga kutali, mpaka ku mapiri a kum'mwera kwa Tanzania. Onani malasha. Mtengo umene unakula zaka makumi ambiri umapsa masiku ochepa, ndalama yake n'kutha sabata isanathe, ndipo bowa, uchi, mphalabungu ndi mthunzi zimapita nawo limodzi.

Sitikuweruza mayi amene waotcha malasha chifukwa mwana wadwala. Njala ndi yoopsa, ndipo Mulungu amaiona. Koma tiyeni tinene zoona: si zonse zimene timaononga zimene timaononga chifukwa cha njala. Zina ndi mpikisano. Ngongole zambiri za kaloba sizinatengedwe kuti ana adye, koma kuti pa ukwati wa mwana anthu akambe, kapena kuti foni yathu ifanane ndi ya mlamu wa ku Lusaka. Makolo anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ahabu anali ndi ufumu wonse, koma anagona osadya chifukwa cha kamunda kamodzi ka Naboti, ndipo mapeto ake anali magazi. Werengani 1 Mafumu 21.

Mulungu anaphunzitsa Aisraeli mawu oti "zakwana" ali m'chipululu. Pa Eksodo 16 aliyense ankatola mana a tsiku limodzi, ndipo amene anasunga mobisa anapeza mphutsi. Pa Deuteronomo 22:6-7 analamula kuti wopeza chisa asatenge make pamodzi ndi ana. Pa Levitiko 19:9-10 analamula kuti wokolola asiye m'mphepete mwa munda ndi khunkha kuti osauka apezepo, ndipo lamulo limeneli ndi limene linadyetsa Rute ndi Naomi. Aguri pa Miyambo 30:7-9 anapempha kuti asalemere mpaka kuiwala Mulungu, ndiponso asasauke mpaka kuba. Kodi pemphero lotere tinalipempherapo?

Kusiyako kanthu ndi chizindikiro cha chikhulupiriro. Mayi amene wasiya timbatata tina m'nthaka, amene watola masuku akugwa okha, amene watema nthambi n'kusiya thunthu, akunena ndi manja ake kuti Mulungu wa lero adzakhalaponso mawa, ndi kuti adzukulu ake nawo adzafuna kudya. Pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda wa Edeni: kuulima ndi kuusunga.

4. Kukhutira si ulesi, ndiponso si kutseka pakamwa

Apa tisamale, chifukwa Satana amadziwa kupotoza phunziro labwino. Wina anganene kuti, popeza ndiyenera kukhutira, ndingokhala. Ayi. M'thengo mulibe waulesi. Miyambo 30:24-28 imatchula tinthu tinayi tating'ono koma tanzeru, ndipo toyamba ndi nyerere zimene zimatuta chakudya nthawi ikadalipo. Paulo yemwe uja wokhutira ankasoka mahema ndi manja ake. Kulowa chilimba, kuweta nkhuku, kulima dimba, kusunga nsawa za mbewu, kupachika ming'oma ya matabwa m'malo mofundula khungwa la mtengo wamoyo, kubzala mitengo ya Gliricidia m'munda monga limaphunzitsira bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 ndipo limagwira ntchito ndi alimi a kuno ku Lundazi, zonsezi sizitsutsana ndi kukhutira. Kusiyana kuli apa: wokhutira amagwira ntchito mtima uli pansi, wosakhutira amagwira ntchito mtima ukupsa.

Ndiponso thengo si Edeni. Nsadzu yomwe ija imaikira mazira m'zisa za mbalame zina, ndipo mwana wake akaswa amapha ana a mwini chisa. Aroma 8:19-22 amatiuza kuti chilengedwe chonse chikubuula, kudikira chiwombolo. Abale athu a m'malire akudziwa bwino zimenezi. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu, ndipo m'zaka zotsatira midzi ya mbali zonse ziwiri za malire inalira minda yodyedwa, nkhokwe zogumulidwa, ngakhale maliro a anthu. Mayi amene munda wake wathera usiku umodzi sitingamuuze kuti angokhutira n'kumusiya. Tiyenera kulira naye, kumutapira chimanga, ndi kuima naye pamene akukadandaula kwa mfumu ndi kwa akuluakulu oyang'anira nyama za m'thengo. Ana aakazi a Tselofekadi pa Numeri 27 anakaima pamaso pa Mose kupempha cholowa cha atate awo, ndipo Mulungu anati akunena zoona.

Chimodzimodzi m'banja. Kukhutira sikutanthauza kupirira nkhonya, kapena kukhala chete mwana wamkazi akuchotsedwa pa sukulu kuti akakwatiwe, kapena kuonerera katundu wa wamasiye akulandidwa. Timakhutira ndi gawo limene Mulungu watipatsa. Sitikhutira ndi tchimo.

Mawu omaliza

Mwina pakati panu pali mayi amene akudziona ngati chitsa: amuna anamwalira kapena anakusiyani, ana amene munawadalira anapita osatembenuka, thupi nalo layamba kukana. Pitani mukaone munda umene unatemedwa zaka zitatu zapitazo n'kusiyidwa. Mudzapeza zitsa za miombo zitaphuka mphukira zambiri, chifukwa nkhwangwa inadula thunthu koma muzu sinaufike. Yobu 14:7-9 anaona zomwezo. Ngati muzu wanu uli mwa Khristu, amene anadulidwa pa mtanda nauka tsiku lachitatu, ntchito yanu siinathe. Mulungu akadali nanu ndi cholinga pa malo pomwe mulipo.

Mafunso okambirana

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene zimabweretsa mpikisano pakati pa ife amayi a mu mpingo? Tingazichepetse bwanji pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa misonkhano yathu?

2. Werengani 1 Timoteo 6:6-10. Kodi tingasiyanitse bwanji chosowa chenicheni ndi chilakolako tisanatenge ngongole?

3. Tchulani ntchito zosaoneka zimene zimachirikiza mpingo wanu. Kodi amene amazigwira munawathokozapo?

4. Ndi zakudya ziti za m'thengo zimene munkadya muli ana koma lero zikusowa? Chigwirizano chanu chingachitepo chiyani pamodzi ndi anyakwawa?

5. Kodi kukhutira kumasiyana bwanji ndi kulekerera choipa? Perekani zitsanzo za m'mudzi mwanu, osatchula maina a anthu.

Zochita mwezi uno

Mayi aliyense, asanagone, atchule zinthu zitatu zimene Mulungu wamupatsa tsiku limenelo, ndipo aphunzitse ana kutero. Monga gulu, sankhani mayi mmodzi wamasiye kapena wodwala woti mukamulimire kapena kumufolerera nyumba. Pemphaninso bwalo la akulu a mpingo kuti likupatseni kamalo pafupi ndi tchalitchi pamene zitsa zidzasiyidwa kuti ziphuke, ndipo muzilambula m'mbali mwake moto wa m'chilimwe usanafike.

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, Mlengi wa mitengo, mbalame ndi tizilombo tonse, tikuyamikani chifukwa mumadyetsa zonse pa nthawi yake. Chotsani nsanje ndi mantha m'mitima mwathu. Zamitsani mizu yathu mwa Mwana wanu, kuti tiphuke ngakhale mvula isanagwe. Tiphunzitseni kutenga zotikwanira ndi kusiyirako ena. Tonthozani amene minda yawo yaonongeka, ndipo mutipatse manja owathandiza. Tionetseni aliyense ntchito yake, ndipo tiigwire mokondwa. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.